Si katuni iliyonse ili ya ana: filimu ya Batman yomwe idakhumudwitsa oidikira

Kwa makolo ambiri a ku Mpingwe, Bangwe ndi madera ena ozungulira tauni ya Limbe, mawu oti katuni ali ndi tanthauzo limodzi: zidole zojambulidwa zothamangitsana pa kanema, zomwe mwana angasiyidwe nazo yekha mayi atapita kumsika kapena ali kuseri kwa nyumba kuchapa. Mwana akapempha ndalama yoti akamuikire katuni ya Batman pa fulashi, kapena yoti akalowere m'kanyumba koonetsera mafilimu, kholo silifunsa zambiri. Batman ndi mlendo wozolowereka pakhomo. Chizindikiro chake cha mleme chili pa zikwama za kusukulu, pa malaya a pakaunjika ngakhalenso pa mabotolo omwera madzi.

Komatu pali katuni ina ya Batman yomwe eni ake enieniwo, ku America, adagamula kuti mwana wosakwana zaka 17 asaionere popanda munthu wamkulu. Dzina lake ndi Batman: The Killing Joke ndipo idatuluka mu July 2016. Okonda nthano za Batman adaidikira kwa zaka zambiri, ndipo itafika adakhamukira m'nyumba zoonetsera kanema. Ambiri mwa iwo adatulukamo nkhope zili zakugwa, ena atakwiya kumene.

Filimu iliyonse imabwera ndi lonjezo. Dzina lake, chithunzi cha pachikuto ndi mbiri yomwe yatsogola zimamuuza munthu chomwe akaone, ndipo woonera amakhumudwa pomwe lonjezolo laphwanyidwa. Ku America, filimuyi idaphwanya lonjezo kwa anthu omwe ankaidziwa bwino nkhani yake. Kuno ku Malawi chiopsezo chili pa gulu lina: makolo ndi ana omwe lonjezo lawo lagona pa liwu limodzi loti katuni.

Buku lomwe lidabala filimuyi

Batman adayamba kuoneka m'mabuku a nthano za zithunzi mu 1939, ndipo omwe adamupeka ndi Bob Kane ndi Bill Finger. Mdani wake wamkulu, Joker, chigawenga cha nkhope yoyera ngati ufa, tsitsi lobiriwira ndi pakamwa poseka nthawi zonse, adatsatira mu 1940. Mu 1967 m'nthanozi mudalowa Barbara Gordon, mwana wamkazi wa mkulu wa apolisi mumzinda wopeka wa Gotham. Masana ankagwira ntchito kunyumba yowerengeramo mabuku, usiku ankavala chophimba kumaso n'kumathana ndi zigawenga m'dzina la Batgirl.

Mu 1988 kampani ya DC Comics idatulutsa buku la masamba osakwana 50 lotchedwa The Killing Joke. Adalemba ndi Alan Moore ndipo adajambula ndi Brian Bolland, onse a ku Britain. M'bukuli Joker athawa kuchipatala cha amisala cha Arkham ali ndi cholinga chimodzi: kusonyeza kuti munthu aliyense, ngakhale wolungama chotani, akhoza kuzungulira mutu ngati tsiku limodzi lamuipira kotheratu. Pofuna kutsimikiza izi, agogoda pakhomo pa mkulu wa apolisi James Gordon n'kuombera Barbara pamimba bambo ake akuona. Chipolopolocho chiphwanya msana ndipo mtsikanayo afa ziwalo kuyambira m'chiuno kutsika. Joker amuvula, amujambula zithunzi ali m'magazi, kenaka agwira bamboyo n'kukamuonetsa zithunzizo kuti apenge.

Gordon sapenga. Batman atamupulumutsa, mkulu wa apolisiyo aumirira kuti Joker agwidwe motsata malamulo, osati mobwezera. Pakati pa zonsezi bukuli limabwerera m'mbuyo kuonetsa komwe Joker adachokera: mphawi wanthabwala zosaseketsa, yemwe mkazi wake woyembekezera adamwalira pangozi, iye n'kugwera m'madzi a mankhwala a pafakitale omwe adamusintha khungu ndi maganizo omwe.

Bukuli lidapata mphoto ya Eisner mu 1989, imodzi mwa mphoto zapamwamba pantchitoyi, ndipo lakhala likusindikizidwa mobwerezabwereza. Koma lidalinso ndi banga lomwe owerenga adaliona kalekale. Barbara, yemwe adali ngwazi payekha kwa zaka zoposa 20, m'bukuli adangokhala chida chozunzira bambo ake. Mu 1999 mlembi Gail Simone adasonkhanitsa mayina a akazi a m'nthanozi omwe amaphedwa kapena kuvulazidwa kuti nkhani ya mwamuna ipite patsogolo, ndipo Barbara adali pamndandandawo. Moore mwiniwake wanenapo kangapo kuti bukuli salinyadira.

Alembi ena adayesa kukonza zomwe zidaonongeka. Mu 1989 John Ostrander ndi Kim Yale adamubwezeretsa Barbara m'nthanozi ngati Oracle, katswiri wa makompyuta woyenda panjinga ya anthu aulumali, yemwe ankatsogolera ngwazi zinzake ndi nzeru komanso uthenga. Adakhala choncho mpaka 2011, ndipo owerenga ambiri aulumali adamutenga ngati wawo. Aliyense wofuna kusandutsa bukuli filimu ankagwira nkhani yomwe anthu adali nayo kale chilonda.

Momwe chiyembekezo chidakwerera

Mu 1992 pa kanema wa ku America padayamba katuni ya Batman: The Animated Series. Yemwe ankalankhulira Batman adali Kevin Conroy, amene adamwalira mu 2022, ndipo wolankhulira Joker adali Mark Hamill, wodziwikanso ngati Luke Skywalker m'mafilimu a Star Wars. Ana omwe adakula akumva mawu a awiriwa adali abambo ndi amayi a pabanja pofika 2016. Hamill adali atanenapo poyera kuti akhoza kudzalankhuliranso Joker ngati The Killing Joke itasandutsidwa filimu, ndipo omutsata adachita khama kupempha kampaniyo kuti itero.

Pempholo litamveka, zonse zidaoneka ngati zakhala m'malo mwake. Conroy ndi Hamill adabwerera. Bruce Timm, mmodzi mwa omwe adayambitsa katuni ya 1992, adali pakati pa akuluakulu a ntchitoyo, Sam Liu adatsogolera kujambula, pomwe Brian Azzarello, mlembi wodziwika wa mabuku a Batman, adalemba nkhani ya filimu. Kenaka kudamveka kuti filimuyo yapatsidwa chizindikiro cha R, chomwe chimaletsa wosakwana zaka 17 kuonera popanda kholo kapena womuyang'anira. Idali yoyamba pamndandanda wa makatuni a DC otuluka pa DVD kulandira chizindikirochi. Kwa okonda bukuli, uwu udali umboni woti palibe chomwe chidzadulidwe.

Filimuyi idaonetsedwa koyamba pa 22 July 2016 pamsonkhano waukulu wa okonda nthanozi wa Comic-Con mumzinda wa San Diego. Pa 25 July idalowa m'nyumba za kanema zoposa 1,000 m'dzikolo kwa usiku umodzi wokha, koma ofuna matikiti adachuluka mpaka eni ake adaonjezera usiku wachiwiri. Idapeza madola oposa 3 miliyoni, ndalama zochuluka kwa filimu yomwe idakonzedwa kuti izigulitsidwa pa DVD. Pamalonda idayenda bwino. Mavuto adayamba anthu ataona zomwe adalipira.

Theka la ola loonjezera

Buku la masamba osakwana 50 silingadzaze filimu. Okonza adaona kuti akangotsata zomwe Moore adalemba, nkhaniyo itha isadakwane ola. Choncho adaganiza zoonjezera chiyambi chatsopano cha pafupifupi theka la ola mufilimu yomwe yonse siyikwana mphindi 80. Iwo adafotokoza kuti cholinga chawo chidali kupha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi: kutalikitsa filimu komanso kumupatsa Barbara nkhani yakeyake, kuti oonera amudziwe asadavulazidwe.

Chiyambicho chimaonetsa Batgirl akusaka chigawenga chotchedwa Paris Franz, chomwe m'buku mulibe, ndipo chimamufuna mtsikanayo mwachiwerewere. Batman amuletsa kupitiriza mlanduwo ponena kuti sangauthe. Awiriwa akangana padenga la nyumba, amenyana, ndipo mkanganowo uthera pogonana. Pambuyo pake Batman ayamba kumuzemba, Barbara adandaula kwa mnzake wa kuntchito, amuimbira foni Batmanyo, ndipo mapeto ake avula chovala cha Batgirl n'kusiya ntchitoyo. Apa m'pamene nkhani ya m'buku imayambira.

M'nthano zambiri za Batman, iye ndi mphunzitsi wa Barbara komanso bwenzi la ponda apa m'pondepo la bambo ake. Mnyamata yemwe kawirikawiri amakhala paubwenzi ndi mtsikanayu ndi Dick Grayson, Robin woyamba, yemwe Batman adamulera ngati mwana wake. M'maso mwa oonera ambiri, zomwe zidachitika padengapo zidali ngati bambo wagwira mwana wa mnzake, yemwenso ndi wophunzira wake. Pachichewa amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo woonera wa ku Limbe sangafune kufotokozeredwa kawiri chifukwa chomwe anthu adaipidwira.

Okhumudwa adali magulu atatu

Gulu loyamba lidali la okonda buku. Awa adalonjezedwa The Killing Joke, koma adakhala theka la ola akuonera nkhani ina yomwe Joker mulibemo n'komwe. Magawo awiri a filimuyo sadalumikizane: Paris Franz atangogwidwa sadamvekenso, ndipo zomwe zidachitika pakati pa Batman ndi Barbara sizidakambidwenso mozama. Ambiri adati zidali ngati mafilimu awiri osokedwa pamodzi ndi ulusi wooneka.

Gulu lachiwiri lidali la okonda Batgirl, makamaka amayi ndi atsikana. Awa adalonjezedwa kuti Barbara apatsidwa ulemu womwe buku lidamumana. Chomwe adaona n'chakuti mtsikana wanzeru, wodziimira payekha, wasanduka wosweka mtima wodikira foni ya mwamuna. Poyamba kuvulala kwake kunkazunza mwamuna mmodzi, bambo ake. Tsopano kudazunza amuna awiri, ndipo mkwiyo wa Batman pa Joker udaoneka ngati wa chibwenzi, osati wa munthu woteteza chilungamo. Mankhwala omwe adabwera kudzachiza bala adalikulitsa. Kagawo kakafupi ka kumapeto kwenikweni, koonetsa Barbara ali panjinga yake kutsogolo kwa makompyuta ngati Oracle, sikadakwanire kuziziritsa mitima.

Gulu lachitatu lidadandaula za kajambulidwe. Bolland amadziwika ndi zithunzi zatsatanetsatane, zoonetsa makwinya onse a pankhope, ndipo bukuli adalijambula kwa nthawi yaitali. Filimuyo idajambulidwa mophweka, ndipo m'malo ena anthu ake amayenda mouma. Omwe ankayembekezera kuona zithunzi za m'buku zitapatsidwa moyo adaona ngati agulitsidwa katuni wamba wa pa kanema.

Mkwiyo udaonekera pamsonkhano wa ku San Diego womwewo. Okonza filimu ali kutsogolo kuyankha mafunso, mtolankhani wina adafuula kuchokera m'gulu kuti Batgirl waonetsedwa ngati mkazi wodalira kugonana ndi kulirira mwamuna, ndipo Azzarello adamubwezera mawu achipongwe. Nkhaniyo idafala dziko lonse filimu isadafike n'komwe m'nyumba za kanema. Mwa akatswiri ounika mafilimu omwe adalembapo, ochepera theka ndiwo adaiyamikira. Chomwe pafupifupi onse adagwirizana n'chakuti Hamill adalankhulira Joker mwaluso, ndipo gawo lachiwiri lidatsata buku mokhulupirika.

Chenjezo lidalipo. Mu March 2015 kampani ya DC idachotsa chikuto china cha buku la Batgirl chomwe adajambula Rafael Albuquerque, choonetsa Joker atakoleka mkono paphewa pa mtsikanayo ali ndi mfuti m'manja, mtsikanayo misozi ili m'maso. Owerenga adadandaula, ndipo wojambulayo adapempha yekha kuti chisatuluke. Patangotha chaka chimodzi, okonza filimu adaponda pachilonda chomwecho.

Omvera akasiya kuvomera

Khalidwe la oonera a ku America si lachilendo kwa aliyense yemwe adakhalapo pabwalo madzulo kumvera nthano. Wokamba akayamba, omvera amayankha kuti tilitonse, ndipo kuyankhako ndi chilolezo choti apitirize. Nthano ya Kalulu aliyense amaidziwa, ndipo wokamba ali ndi ufulu woikometsera, kuonjezera nyimbo kapena kutalikitsa ulendo. Chomwe saloledwa ndi kusintha khalidwe la Kalulu. Akamusandutsa chitsiru chopusitsidwa ndi Fisi, ana omwe amamudzudzula, ndipo mawu ovomera aja amazilala. Okonza The Killing Joke adali ndi ufulu woonjezera. Adalakwa posintha khalidwe la anthu omwe oonera adawadziwa kwa zaka pafupifupi 50.

Amalawi adaonetsa mtima womwewu mu March 2019 pomwe Netflix idatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yomwe adatsogolera Chiwetel Ejiofor wa ku Britain. Kunja filimuyo idatamandidwa, ndipo kuno anthu adanyadira kuti idajambulidwa m'dziko muno. Koma ambiri adadandaula ndi Chichewa cha ochita sewero ochokera kunja, chomwe m'malo ena chinkavuta kumva kwa eni chiyankhulo. Mlendo wowerenga mawu omasulira pansi pa kanema sakadaona vuto. Mwini nkhani amamva zomwe mlendo sangamve, ndipo n'chifukwa chake amakhumudwa kwambiri ndi iyeyo.

Chizindikiro chimatayika panjira

Woonera wa ku America adalowa m'nyumba ya kanema akudziwa kuti filimuyi ndi ya akuluakulu. Bungwe loona za mafilimu m'dzikolo lidayamba kuika zizindikiro za msinkhu mu 1968. Chilembo G chimatanthauza kuti aliyense angaonere, PG kuti kholo liunike kaye, PG-13 kuti muli zina zosayenera mwana wosakwana zaka 13, ndipo R ndi ija ya zaka 17. The Killing Joke idalandira R chifukwa cha zithunzi za magazi ndi zochitika zosautsa maganizo. Chizindikirochi chimalembedwa pachikuto cha DVD, pachikwangwani cha filimu ndi pamalo ogulitsira matikiti.

Filimu ikamafika ku Mpingwe imakhala itavula zonsezi. Wina amaitsitsa pa intaneti, n'kuiika pa kompyuta ya pamalo okopera nyimbo ndi mafilimu, omwe ali mbwee m'misika ya Limbe ndi m'makwalala a m'matauni. Kuchokera pamenepo imalowa pa fulashi kapena pa memore khadi, kenaka imadumpha kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Chomwe chimatsala ndi dzina lokha, ndipo nthawi zina dzinalo limafupikitsidwa n'kungokhala Batman. Mnyamata wa pakompyutayo amasanja mafilimu m'magulu odziwika: a nkhondo, a ku Nigeria, a ku India, a zigawo ndi makatuni. Chilichonse chojambulidwa ndi manja chimagwera m'gulu lomalizali, ndipo mwana akapempha makatuni amapatsidwa mulu wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makolo sangadzudzulidwe kwambiri poganiza kuti katuni ndi ya ana. Dziko lino lidakhala lopanda nyumba ya kanema yakeyake mpaka 1999 pomwe Television Malawi idayamba kuulutsa. Ambiri mwa omwe ndi makolo lero adakulira pa wailesi, ndipo makatuni oyamba omwe adaona adali a mtundu wa Tom and Jerry, mphaka ndi mbewa zothamangitsana. Padziko lapansi zinthu zidasintha. Mu 2016 momwemo mudatuluka Sausage Party, katuni ya zakudya za m'sitolo zolankhula, yooneka ngati ya kumkaka koma yodzaza zolaula, ndipo nayo ili ndi R. Justice League Dark ya 2017 ndi Injustice ya 2021, zomwe muli Batman ndi anzake, zilinso ndi R. Invincible, katuni ya zigawo yomwe idayamba mu 2021, imaonetsa anthu akung'ambidwa ziwalo. Zonsezi pa fulashi zimagona pamodzi ndi makatuni a ana.

M'tinyumba toonetsera mafilimu vutoli limakula. M'katimo mumakhala mdima, ana ndi akulu amakhala pabenchi limodzi, ndipo chimkuzamawu cha panja chimaitana aliyense wodutsa. Mafilimu ambiri amakhala omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata omwe amalankhulira pamwamba pa mawu a filimu, kuika nthabwala zawo ndi kupatsa anthu a mufilimu mayina a konkuno. Luso limeneli lathandiza anthu ochuluka kumva nkhani zomwe Chingerezi chikadawabisira. Koma womasulira sachotsa chithunzi. Pomwe mwana akadangoona osamvetsa, kumasulirako kumamufotokozera zonse m'chiyankhulo cha kunyumba.

Ngakhale wachinyamata wamkulu yemwe walipira kuti aone Batman akuponya zibakera akhoza kutulukamo wokhumudwa. The Killing Joke ndi filimu ya zokambirana zambiri, ndewu zake ndi zochepa, ndipo imatha Joker akunena nthabwala, iye ndi Batman n'kuseka limodzi pamvula. Kwa wowerenga buku, mathero amenewa ndi nkhani yokambirana mpaka lero. Kwa yemwe adalonjezedwa nkhondo ndi bolodi la pakhomo, ndi ndalama yotayika.

Zomwe malamulo akunena

Dziko la Malawi lili ndi lamulo loona za mafilimu ndi zisangalalo lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968, chaka chomwecho America idayamba zizindikiro zake. Lamuloli lidakhazikitsa bungwe la Censorship Board, ndipo limafuna kuti filimu yoonetsedwa pagulu iyambe yavomerezedwa komanso kuti malo oonetsera akhale ndi chiphaso. Palinso lamulo loteteza ana la 2010, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kukopa ndi kugulitsa filimu popanda chilolezo cha mwini wake kumatsutsana ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016.

Lamulo la 1968 lidalembedwa m'nthawi yomwe filimu inkabwera m'dziko ngati katundu wogwirika, n'kukaonetsedwa m'nyumba zowerengeka za m'mizinda. Kuunika filimu imodzi kunkateteza onse odzaionera. Lero filimu imalowa m'dziko kudzera pa foni ya aliyense yemwe ali ndi intaneti, ndipo palibe bungwe lomwe lingaime pakhomo pa foni iliyonse. Ntchito yomwe kale idali ya ofesi imodzi tsopano yagwera kholo, mwini malo okopera mafilimu ndi mwini kanyumba koonetsera.

Zomwe kholo lingachite

Choyamba ndi kufunsa dzina lonse la filimu, osati la ngwazi yokha. Makatuni a Batman alipo ambirimbiri ndipo ndi osiyana: The Lego Batman Movie ya 2017 ili ndi PG ndipo idakonzedwera banja lonse, pomwe The Killing Joke ndi ya akuluakulu. Kulemba dzina lonse pa Google kumaonetsa chizindikiro cha msinkhu m'kanthawi kochepa. Omwe ali ndi DStv kapena GOtv amaona manambala monga 13, 16 ndi 18 pa filimu iliyonse, limodzi ndi zilembo V ya nkhanza, L ya kutukwana, S ya zogonana ndi N ya umaliseche, ndipo makinawo amalola kutseka mapologalamu ndi nambala yachinsinsi. Netflix nayo ili ndi gawo la ana lokha.

Chachiwiri ndi kuonera kaye, kapena kuonera limodzi. The Killing Joke imayamba ngati katuni wamba wa apolisi ndi akuba, ndipo zovutazo zimabwera nkhani itapita patali. Kusuzumira mphindi ziwiri zoyambirira sikokwanira. Kholo likhoza kuthamangitsa filimuyo pa foni n'kuona zigawo za pakati ndi za kumapeto mwana asadaigwire.

Chachitatu chili m'manja mwa ochita malondawa. Kupatula makatuni a akuluakulu pa kompyuta ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo kulemba msinkhu pabolodi la pakhomo kumangofuna choko. Mwini malo yemwe makolo amamudziwa kuti amasamala ndi yemwe angamutumizire ana awo mopanda mantha.

Mwana akaona kale zosayenera, kumukalipira kumangomuphunzitsa kubisa. Kumufunsa zomwe waona ndi momwe wazimvera kumatsegula njira yokambirana za nkhanza kwa amayi ndi atsikana, zomwe si nkhani ya ku Gotham kokha.

Ngwazi za pafupi

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso kwa achinyamata a mu Blantyre omwe akuphunzira kujambula makatuni pa kompyuta. Oonera sadakane The Killing Joke chifukwa choti okonza adasintha zinthu. Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018 idasintha zambiri, mpaka kuika patsogolo mnyamata wakuda, Miles Morales, m'malo mwa Peter Parker yemwe anthu adamuzolowera, koma idakondedwa ndipo idapata mphoto ya Oscar mu 2019. Kusinthako kudalemekeza chomwe anthu amakondera Spider-Man.

Chitsanzo china chili kutsidya kwa malire. Mu July 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, katuni ya zigawo yomwe adapeka Malenga Mulendema wa ku Zambia, mogwirizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Ndi nkhani ya atsikana anayi a kusekondale mumzinda wa Lusaka wa m'tsogolo, omwe atengedwa ndi kazitape wopuma ntchito, Mama K, kuti apulumutse mzinda wawo. Mulendema wakhala akufotokoza kuti adakula akuonera makatuni omwe mudalibe ngwazi yofanana naye. M'katuniyi atsikana ndiwo eni nkhani, ndipo zomwe zimawachitikira zimayendetsa nkhani yawo, osati ya wina. Izi n'zomwe okonda Batgirl ankapempha mu 2016.

Mwana wa ku Mpingwe wopempha katuni ya ngwazi ali ndi zambiri zoti asankhepo kusiyana ndi zomwe makolo ake adali nazo mu 1999, ndipo zina mwa izo zikuchokera kufupi ngati ku Lusaka. Chomwe fulashi siyingamuchitire ndi kumuuza kuti iyi ndi yake, iyi ndi ya akulu. Funso limenelo liyenera kufunsidwa pakhomo, ndalama ya filimu isadachoke m'manja mwa kholo.